Tinamuona maso ali psuu, koma tinakwerabe

Mai a Tadala (Bvumbwe):
Abale anga pa gulu pano, mwaswera bwanji. Pepani ndilemba zambiri, mtima wanga sunakhale pansi chiyambire Lachisanu. Mng'ono wanga uja amagulitsa tomato ndi mpiru pa msika wa Bvumbwe wagundidwa ndi njinga yamoto ya kabaza. Unali m'mamawa kusanayere bwino, chiperoni chitakuta msewu wonse. Iye amayenda cha m'mbali, dengu lili pamutu monga mwa masiku onse, ndipo njingayo inasiya tala n'kukamupeza komweko. Fupa la ntchafu lathyoka pawiri. Panopa tili ku Blantyre kudikira opaleshoni, gadiyani ndine, ndikulemba zino nditakhala pa chitenje pakhonde la wodi.

Nditafika pamalopo tomato anali mbwee mpaka m'ngalande, nkhata yake ili pakati pa msewu. Woyendetsayo anali khale pansi, chigongono chikuchucha magazi, akungobwereza kuti sindinawaone, sindinawaone. Maso ali psuu. Anthu atamupisa m'thumba anapezamo ndudu ziwiri za chamba, kabotolo ka midoli kotsala pang'ono, ndi kapepala ka mapilisi.

Koma chimene chikundisowetsa tulo ndi ichi. Mnyamatayu ndimamudziwa, anakulira kuseri kwa nyumba yathu, ndinkamunyemerako chigumu ali wamng'ono. Lachiwiri la sabata yomweyo ine ndemwe ndinakwera njinga yake pochokera ku chigayo. Fungo ndinalimva, maso ndinawaona, koma ndinati bola ndikafike, thumba la ufa landilemera. Sindinatsike, sindinapite kwa mayi ake, sindinauze tcheyamani wa siteji. Patangopita masiku atatu wathyola m'bale wanga. Ndiye ndikufunseni, ndani pano sanakwerepo njinga kapena minibasi akuona ndithu kuti woyendetsa sali bwino? Timakhaliranji chete?

Achemwali Esnart (Thyolo Boma):
Mayo ine, pepani amayi. Mulungu akhudze mwendowo. Nanga ana ake ali ndi ndani kunyumba?

Mai a Tadala (Bvumbwe):
Ali ndi agogo awo. Wamng'ono uja ndi woyamwa, ndiye usiku akungolira.

Gift wa ku Khonjeni:
Anthuwo anamuchitira chisoni bwanji? Kwathu kuno akanamumaliza pompo. Atikwana anyamata amenewa.

Admini:
A Gift, mawu amenewo ayi pa gulu pano. Chithunzi cha mnyamatayo chimene mwaponya ndachichotsanso. Nkhani ili m'manja mwa apolisi, ndipo abale a mbali zonse ziwiri ali pa gulu lomwe lino. Dzina lake lisatchulidwe.

Aphunzitsi Opuma (Goliati):
Pepa kwambiri mwana wanga, koma usadziimbe mlandu. Mlandu ndi wa mnyamatayo ndi amene anamupatsa njinga. Lamulo lilipo kale. Lamulo la pamsewu la 1997 limaletsa kuyendetsa utaledzera, kaya ndi mowa kaya ndi mankhwala ozunguza bongo, ndipo malire a mowa m'magazi ndi magalamu 0.08 pa mamililita 100. Silinena galimoto yokha, njinga yamoto ili momwemo.

Ine ndagwira choko zaka zambiri. Ndinaona masacheti akulowa m'kalasi m'matumba a yunifolomu, mwana wa Sitandade 7 akununkha mowa pochokera ku buleki. Boma litaletsa masacheti mu 2015 tinaomba m'manja, koma sipanapite nthawi mowa womwewo unabwerera m'timabotolo ta pulasitiki ndi m'zigubu zopungulira m'matoti. Mu 2017 kunabweranso ndondomeko ya dziko lonse yokhudza mowa. Mapepala tili nawo okwana. Chimene chikusowa ndi dzanja lolimba. Amangidwe, njinga ilandidwe, anzake aone.

Yohane wa Kabaza (Luchenza):
Amayi, pepani kwambiri, ife a kabaza nkhaniyi yatichititsa manyazi. Aphunzitsi, ndi ulemu wonse, ndiloleni ndiyankhuleko ngati munthu wokhala pa chishalo tsiku ndi tsiku. Ndinayamba ndi yakapalasa, pano ndili pa yamoto, ndipo anzanga anandisankha kukhala tcheyamani wa siteji yathu.

Anyamata ambiri mukuwaonawa njinga si zawo. Bwana amafuna ndalama yake madzulo alionse, kugwe mvula kuwale dzuwa. Mvula ikatha tiyi amachepa, aganyu a m'maesiteti amawaimitsa, ndiye onse aja amathamangira pa siteji. Njinga zimalowa kuchokera ku Mozambique kudzera cha ku Muloza, munthu amagula n'kupatsa mwana amene waphunzira masiku awiri pa galaundi ya mpira. Tsiku lachitatu wanyamula kale mayi, mwana kumbuyo, ndi thumba la chimanga. Laisensi alibe, inshuwalansi palibe. Chigwereni kwacha mu Novembala 2023 mafuta ndi masipeya zinakwera, ndipo mafuta akasowa timagula a m'zigubu pa mtengo wolira. Makasitomala ndi omwe aja, njinga zachuluka.

Kuti tageti ikwane, mnyamata amadzuka 4 koloko kunyamula amayi a masamba, n'kudzaweruka 11 koloko usiku atatula zidakwa za m'mabala. Kuzizira kwa Juni ndi Julaye kuno mukukudziwa, pa njinga mphepo imalowa mpaka m'mafupa, zala zimachita kuuma pa handulo. Ndiye mnzake amamuuza kuti menya toti imodzi utenthedwe. Wina amamupatsa pilisi, akuti ukamwa msana suwawa ndipo sutopa. Chamba akuti chimachotsa mantha podutsana ndi malole. Zimayamba choncho. Sindikuikira kumbuyo, ndikungonena zimene ndimaona.

Koma pali china chimene inu makasitomala simufuna kumva. Ine ndikakana kunyamula anthu atatu, mumanditukwana n'kupita kwa mnzanga amene wasuta, chifukwa iyeyo sakana kanthu. Ndikamayenda pang'onopang'ono m'nkhungu mumandimenya paphewa kuti thamanga ndachedwa. Ndikakupatsani chipewa mumati chikununkha thukuta, kapena tsitsi ndangomangitsa kumene. Madzulo woledzera uja wapanga ndalama zambiri kuposa ine. Mwana watsopano pa siteji amaona zimenezo, ndiye mukuganiza kuti atsanzira ndani?

Achemwali Esnart (Thyolo Boma):
Za chipewazo achimwene mwanena zoona, ine ndinakanapo sabata yathayi. Ndachita manyazi.

Anamwino Ethel (Mulanje):
Amayi a Tadala, limbani mtima. Fupa la ntchafu limalumikizika, koma limatenga miyezi, ndiye dengu aiwale kaye. A Yohane, zikomo poyankhula mosabisa. Ndiloleni ndikonze zimene anyamata anu amauzana, mukawauze.

Mowa sutenthetsa thupi. Umangotsegula timitsempha ta pakhungu, munthu n'kumamva ngati wafunda pamene kutentha kukutuluka m'thupi msanga. Mapilisi amene amati sutopa nthawi zambiri amakhala tramadol. Ndi mankhwala a ululu waukulu, a mtundu umodzi ndi morphine, oyenera kulembedwa ndi dokotala. Amabweretsa chizungulire ndi tulo, ndipo ukamwa ambiri umatha kugwa n'kumaphupha ngati wa khunyu. Tangoganizani zimenezo zikuchitika munthu ali pa njinga, mayi woyembekezera ali kumbuyo. Ena amamwa diazepam, mapilisi ogonetsa, ena mankhwala a chifuwa okhala ndi codeine. Ngakhale Piriton amene timamwa tikadwala chimfine amagonetsa, ndipo madalaivala ambiri sadziwa.

Chamba chimachedwetsa ubongo kulamula dzanja ndi phazi, komanso chimasokoneza kuyeza kutalika kwa chinthu chili patsogolo. Njinga yothamanga makilomita 60 pa ola imadutsa pafupifupi mamita 17 pa sekondi imodzi. Kuchedwa sekondi imodzi yokha kugwira buleki ndi mtunda woposa minibasi zitatu zitaima mondondozana. Muikepo nkhungu, muikepo mowa pamwamba pa chambacho, mawu aja akuti sindinawaone amakhala oona ndithu.

China n'chakuti ngozi zina za m'mamawa ndi mowa wa dzulo. Chiwindi chimachotsa mowa pang'onopang'ono, botolo limodzi la mowa wamba limafuna pafupifupi ola kapena kuposa. Kusamba madzi ozizira, tiyi wowawa, kudya nsima yambiri, palibe chimene chimafulumizitsa. Munthu amene wasiya kumwa kachasu 1 koloko usiku n'kudzuka 4 koloko si wa matsire, akadali woledzera.

Kuntchito kwathu masiku a malipiro ndi a msika timachita kudziwiratu. Mabala a m'mutu, miyendo yothyoka, ndipo ambiri si oyendetsa, ndi okwera ndi oyenda pansi.

Ras Limbani (Chitakale):
Mtendere kwa nonse, ndipo amayi pepani. Koma tisasakanize zinthu. Mnyamatayo anali ndi mowa, mapilisi ndi chamba, koma mawa aliyense azidzangoti chamba, chamba. Chikupha anthu m'dziko muno ndi mowa wa m'timabotolowu ndi kachasu wosakaniza ndi zosadziwika. Mwaiwala kale anthu amene anafa ku Blantyre mu 2024 atamwa mowa uja amautcha Ambuye Ntengeni? Mowa umagulitsidwa poyera pafupi ndi siteji iliyonse, palibe amaudabwa. Mu 2020 aphungu anavomereza kulima chamba cha mankhwala ndi cha mafakitale. Wachuma wokhala ndi laisensi akulima maekala, mwana wa mphawi akapezeka ndi ndudu imodzi akukagona kundende. Chilungamo chili pati? Ine ndasuta zaka zambiri, sindinamenyepo munthu, ndipo ndikasuta ndimakhala wodekha.

Aphunzitsi Opuma (Goliati):
A Limbani, lamulo la 2020 silinalole kusuta. Kusuta, kusunga ndi kugulitsa popanda chilolezo ukadali mlandu. Vuto ndi lakuti ana anangomva pa wailesi kuti chamba chaloledwa, mawu otsatirawo sanawamve. Ndinakumana ndi mwana amene ndinamuphunzitsa akusuta masana pa depoti, anandiyankha kuti aphunzitsi, boma linavomereza.

Anamwino Ethel (Mulanje):
A Ras, za mowa sindikutsutsani, ovulala ambiri amene ndimawaona amanunkha mowa. Koma kudekha kumene mukunenako pamsewu ndiye vuto lenilenilo. Mwana akatulukira m'tiyi kuthamangira mpira, sipafunika munthu wodekha, pafunika phazi lofika pa buleki nthawi yomweyo. Ndipo wosuta amadzimva kuti akuyendetsa bwino kuposa kale, chifukwa chiwalo chimene chikanamuuza kuti walakwitsa ndi chomwecho chagona. Ndikufunseni mosabisa, mwana wanu mungamukweze pa njinga ya munthu amene mwangosuta naye?

Ras Limbani (Chitakale):
Ayi, sindingamukweze. Pamenepo ndavomera, wosuta asagwire chiwongolero kapena handulo. Koma mfundo yanga ikhalebe. Malinga ngati wosuta aliyense ndi chigawenga, makolo azibisa ana awo. Mayi sangapite kukanena kuti mwana wanga wazolowera chamba ndi mapilisi, thandizeni, akudziwa kuti mathero ake ndi selo. Ndiye timabisa mpaka tsiku la ngozi.

Ankolo a Thiraki (Limbuli):
Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete. Ine ndayendetsa malole zaka zoposa makumi awiri, Limbe, Muloza, mpaka mkati mwa Mozambique. Ndinene zanga, mwina zithandiza wina.

Kale ndinkamwa kwambiri, ndipo ndinkadzitama kuti ndikalawa ndiye ndimaona bwino msewu. Tsiku lina ndinamwa mpaka usiku ku Limbe, m'mawa ndinanyamuka ndi katundu kudzera msewu wa Midima. Pa rodibuloko ina wapolisi anasuzumira pawindo, fungo analimva chifukwa anabweza nkhope. Ndinapinda kandalama m'kati mwa laisensi, anandibwezera laisensi yokha, n'kukweza chitsulo. Ndikuyandikira mlatho wa Thuchila maso anatsekeka, sindikudziwa kwa nthawi yaitali bwanji. Ndinadzidzimuka matayala akumanzere ali m'miyala, kutsogolo kuli ana a sukulu atandondozana. Kamtsikana kena kanadumphira m'udzu, chikwama chake cha pulasitiki chinakodwa pa bampala. Nditaima ndinachitola, munali makope awiri ndi chinangwa chophika chokulunga m'pepala. Ndinakhala pansi pambali pa tayala miyendo ikunjenjemera, ndinalephera kuimirira. Mwanayo anabwera kudzatenga chikwama chake, anachita kundigwadira polandira. Chiyambire tsiku limenelo mowa sindinaulawenso, papita zaka khumi ndi chimodzi.

Tsiku lija ndinkaona ngati wapolisi uja wandichitira chifundo. Akanandilanda makiyi ndikanamutukwana mumtima, koma ndiye akanandithandiza. Ndipo ndalama ndinapereka ndine, palibe anandikakamiza.

Kachipangizo ka apolisi kopumiramo poyeza mowa kaja ndimakaona kawirikawiri nyengo ya Khirisimasi ndi m'tauni. Msewu wa M2 wonsewu, kuchoka Bvumbwe, Thyolo, Luchenza mpaka Muloza, mungayende kangati osakumana nako? Komanso kamangogwira mowa. Wosuta chamba kapena womwa mapilisi akhoza kupumiramo n'kudutsa bwinobwino. Madalaivala a mitunda italiitali amadziwa zimenezi, n'chifukwa chake ena anasiya botolo n'kuyamba mapilisi oletsa tulo.

Mphatso ku Joni:
Ankolo nkhani yanu yandigwetsa misozi. Kuno ku South Africa malire a mowa m'magazi ndi 0.05, otsika kuposa kwathu, ndipo akakugwira amatha kukutenga magazi. Ku England ndi Wales chiyambire 2015 apolisi amayeza malovu pamsewu pomwepo kuti aone chamba ndi cocaine. Zipangizo zoterezi zilipo, boma lathu likhoza kugula. Koma ndisakunamizeni, kuno ngakhale malamulo ali olimba anthu akufabe pamsewu kumapeto kwa sabata kulikonse, ndipo mankhwala ozunguza bongo otchedwa nyaope amaliza ana ambiri m'makomboni a Johannesburg. Amalawi anzathu ena amabwerera kumudzi atazolowera kale zinthu zimenezi. Tisamaganize kuti za ku Thyolo zithera pa chamba ndi midoli.

Anamwino Ethel (Mulanje):
Kuyeza chamba n'kovutirapo kuposa mowa. M'mkodzo chimaoneka masiku angapo, kwa wosuta kwambiri ngakhale masabata, ndiye sizisonyeza kuti munthuyo anali atasokonezeka pa ola la ngozi. Pamene tikudikira zipangizo, choyezera chimene tili nacho ndi maso ndi mphuno za amene ali pafupi, monga mmene amayi a Tadala anenera poyamba paja.

Malume (Bvumbwe):
Ndalemba n'kufufuta katatu. Mnyamata mukumunenayu ndi mwana wa mlongo wanga, mwini mbumba ndine. Amayi a Tadala, ndikugwadirani. Ndinalephera kukuimbirani foni chifukwa cha manyazi.

Ife tinkadziwa. Anayamba ali Fomu 2, fizi itavuta n'kusiya sukulu. Poyamba tinkangoona kuti akudya kwambiri ndi kugona masana, kenako ndalama za mayi ake za m'chitini zinayamba kusowa, kenako nkhuku. Tinapita naye ku mapemphero, tinapitanso kwa asing'anga, kuchipatala ayi, chifukwa tinkaopa kuti anthu aziti kubanja kwathu kuli wamisala, komanso tinkaopa apolisi monga anenera a Limbani. Ndiye ine ndinaganiza kuti chikumuwononga ndi kukhala manja lende. Njinga imene yathyola mng'ono wanuyo ndinakamupemphera ndine kwa mnzanga wina, ndinachita kumuikira umboni kuti ndi mwana wabwino. Ndinkati akatanganidwa asiya. Mmalo mwake ndinamupatsa ndalama ya tsiku ndi tsiku yogulira zomwezo.

Aphunzitsi akuti amangidwe. Ali m'selo panopa, ndipo sindikupempha kuti atuluke, khoti ligamule. Dzulo ndinakamuona, akunjenjemera thukuta lili kamukamu, chakudya akukana. Funso langa ndi lakuti akadzatuluka ndidzapite naye kuti? Chifukwa akabwerera mmene alilimu, wina adzamupatsanso njinga.

Mai a Tadala (Bvumbwe):
Amalume, ndawerenga. Sindinama kuti mtima wanga wayera, ayi, ndakwiya, ndipo ndakwiyira inu kuposa mwanayo. Inu mumadziwa zonse, n'kumuika pamsewu umene ana athu amadutsa popita ku sukulu. Mng'ono wanga ndiye amadyetsa ana atatu ndi amayi athu okalamba, bambo wa anawo anapita kalekale. Njinga ilibe inshuwalansi, mwini wake foni wathimitsa. Mpamba wonse unathera mu tomato uja anamwazika. Miyezi ikubwerayi adya chiyani?

Koma poti mwayankhula poyera, bwerani. Mubwere ndi mlongo wanu, ndi mnzanga wa ku Mvano, ndikudziwa kuti naye sakugona. Mudzamuone wodwalayu ndi maso anu, mwendo atauzimangirira chitsulo, ndiye tidzakhale pansi ndi ankhoswe tikambirane za ana. Ine ndemwe ndinakhala chete Lachiwiri lija, ndiye sindingakutsekereni chitseko.

Malume (Bvumbwe):
Tibwera mawa ndi minibasi yoyamba. Mwini njingayo ndikudziwa kumene ali, ndipita naye kwa amfumu.

Anamwino Ethel (Mulanje):
Amalume, kunjenjemera ndi thukutalo musakuone mopepuka. Munthu wozolowera mowa wambiri kapena diazepam akasiya mwadzidzidzi amatha kukomoka ndi kuphupha, ena amafa kumene. Kauzeni apolisi kuti akufunika kuonedwa ndi achipatala, ndi ufulu wake ngakhale ali m'selo. Za mtsogolo, yambirani pa chipatala cha boma cha m'boma lanu, mufunse anamwino oona za matenda a maganizo. Iwo akaona kuti n'zazikulu amatumiza ku Zomba Mental Hospital. A St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe amathandizanso anthu ofuna kusiya mowa ndi mankhwala. N'kutali, n'zoona, ndipo malo otere ndi ochepa kwambiri poyerekeza ndi ana amene akufunika thandizo. Mudziwiretu kuti ambiri amabwereranso kamodzi kapena kawiri asanasiyiretu, musadzataye mtima ulendo woyamba.

Aphunzitsi Opuma (Goliati):
Bambo, mwachita chamuna kuyankhula. Ine pa chilango sindisintha, wolakwa alandire zake, apo ayi mwendo wa mayiyu ukhala ngati wa nkhuku. Koma ndavomera kuti ndende yokha simubweza mwanayu. Ndipo mwini njinga asapulumuke. Wopatsa njinga munthu wopanda laisensi nayenso walakwira lamulo. Ambiri mwa eni njingazi ndi ife omwe, aphunzitsi, a zaumoyo, akapitawo a m'maesiteti, ogula njinga ndi ngongole kuti izitithandiza pakati pa mwezi. Timalandira ndalama madzulo osafunsa kuti mwanayu wagona maola angati.

Achemwali Esnart (Thyolo Boma):
Nanga ogulitsa? Mapilisi amenewa sakumera m'tiyi. Pali timagolosale ndi mabenchi a pamsika pamene tramadol akugulitsidwa ngati maswiti, popanda kalata ya dokotala. Bungwe la PMRA ndiye loyang'anira mankhwala, koma lingafike pa benchi iliyonse? Ife timawadziwa ogulitsawo ndi maina. Za kachasu ndiye zimandivuta mumtima, chifukwa amene amatcheza kufupi ndi kwathu ndi mayi wamasiye, akulera adzukulu anayi ndi mowa womwewo. Ndikamunenera, anawo agona ndi njala. Ndikakhala chete, anyamata a pa siteji akumwa pakhomo pake 6 koloko m'mawa, njinga zitaimikidwa pa mpanda.

Ras Limbani (Chitakale):
Musamunenere, kamuuzeni. Wobwera pa njinga asamugulitse, akaimike kaye njinga kwawo abwere wapansi. Amfumu akalamula zimenezi m'mudzi monse, palibe angati ndataya kasitomala chifukwa cha mnzanga.

Gift wa ku Khonjeni:
Zimenezo n'zolota a Ras. Ndalama ikafika pakhomo palibe amayang'ana kuti wabwera pa chiyani. Koma pepani pa mawu anga aja, ndinalemba ndi mkwiyo. Mchimwene wanga anafa pa njinga chaka chatha, woyendetsa anathawa mpaka lero.

Yohane wa Kabaza (Luchenza):
A Gift pepani, sindinadziwe. Ife pa siteji yathu tinayesapo kale. Tinagwirizana kuti wobwera akununkha kapena maso atafiira timulande kiyi mpaka mawa, akachita katatu achoke. Zinayenda mwezi umodzi. Amene tinawachotsa anangosuntha pang'ono, n'kukayambitsa siteji yawo pansi pa mtengo wa mango, akutchaja motchipa. Makasitomala athu anawatsatira komweko. Ndiye anzanga anandifunsa kuti tcheyamani, tapindulanji? Ndinasowa choyankha, lamulo lija linafa lokha.

Kuti zitheke pafunika masiteji onse a dera limodzi agwirizane tsiku limodzi, amfumu ndi apolisi a m'mudzi akhalepo, eni njinga abwere aonekere nkhope. Aliyense avale jekete yonyezimira yokhala ndi nambala, kuti mayi ngati a Tadala akamva fungo asavutike kukangana ndi mnyamata, angotumiza nambalayo kwa tcheyamani. Ndipo boma litiganizireko pa mtengo wa laisensi ndi kulembetsa njinga, komanso a Road Traffic azibwera kuno m'maboma kudzaphunzitsa ndi kuyesa anyamata, chifukwa ambiri ulendo wa ku Blantyre wokhawokha umawalepheretsa. Koma zonsezi zigwa ngati inu mupitiriza kukwera yotchipa ya woledzera. Ine ndiitana matcheyamani a ku Luchenza Loweruka likudzali 2 koloko. A ku Bvumbwe ndilibe nambala zawo, amene ali nazo anditumizire kumbali.

Ankolo a Thiraki (Limbuli):
Loweruka ndili pa ofu. Ndibwera ndidzawafotokozere anyamatawo za chikwama chija, mwina kwa dalaivala mnzawo amva.

Aphunzitsi Opuma (Goliati):
Ine ndilankhula ndi agulupu akwathu kuno. Koma a Yohane, musadzaitane anyamata okhaokha, amayi a pamsika adzakhalepo, ndiwo amakwera m'bandakucha.

Mai a Tadala (Bvumbwe):
Adokotala angodutsa kumene. Akuti opaleshoni ikhoza kuchitika Lachinayi, koma magazi ake ndi ochepa, pafunika kumuwonjezera kaye. Amene mungathe kupereka magazi, chonde.

Yohane wa Kabaza (Luchenza):
Ine ndibwera Lachitatu ndi anzanga awiri amene ndikuwadziwa bwino kuti samwa. Anamwino, timapita kuti?

Anamwino Ethel (Mulanje):
Pitani ku Malawi Blood Transfusion Service ku Blantyre komweko, kapena mufunse pa wodi akulozerani. Mudye kaye musanapite, ndipo mukapereka musakwere njinga nthawi yomweyo, mupume.

Mai a Tadala (Bvumbwe):
Zikomo nonse. Amalume, pobwera mawa mudzere kwa amayi munditengere bulangeti lina, pakhonde pano usiku kukuzizira kwambiri. Dengu lake lija linatsala pa okala ya pafupi ndi pamene anagwerapo, mulitenge mukasiye kunyumba. Wakhala akulifunsa kuyambira m'mawa.